Vani Imene Alamu Anga Anaiwiritsa

Amuna anga anamwalira m'nyengo yozizira, m'zaka zija tinkalawirira kukaima pamzere wa shuga ndi sopo, chipani chili chimodzi, kumsika osalowa wopanda khadi la chipanicho. Tinkakhala ku Bwacha ndi ana athu atatu. Ine ndinabadwira ku Kasanda, mwana wa munthu amene anachoka ku Dedza ali mnyamata kudzakumba mtovu mumgodi wa kuno ku Kabwe. Amuna anga kwawo kunali ku Katete, ndipo tinadziwirana kutchalitchi. Chuma chathu chonse chinali vani imodzi yotuwa, yakale, imene ankanyamulira azimayi a mumsika matimati, kabichi ndi chimanga chachiwisi kuchokera m'mafamu ozungulira tauni.

Chifuwa chitawagwira, anayamba kundiphunzitsa kuyendetsa pabwalo la mpira. Anthu ankaima kumaseka, koma iwo sankasamala. Ankati matenda salipira lendi. Nditapeza laisensi ndinkayendetsa ine, iwo atakhala pambali atafunda jekete, akutsokomola. Kenaka kupita kumafamu kunawakanika, n'kumangondidikira pakhonde.

Ndi nthawi imeneyo pamene vani inayamba kumwa madzi. M'mawa ndikadzaza rediyeta, pobwerako madzi apita pansi, ndipo kamuvi kosonyeza kutentha kankakwera ndikanyamula katundu wolemera. Tsiku lina ndinafika pakhomo nthunzi ikutuluka m'mphepete mwa boneti. Ndinathamanga kuti ndikatsegule chotsekera cha rediyeta ndithiremo madzi. Amuna anga, munthu amene mawu ake anali atatha kale ndi chifuwa, anakuwa mpaka nkhuku zinabalalika.

"Mayi, chotsanipo dzanja! Mukufuna ana akhale ndi bambo wodwala ndi mayi wopanda nkhope?"

Anandikhazika pansi mpaka injini itazizira. Kenaka anati ndiwabweretsere mpando pafupi ndi vaniyo. Kuwerama sankatha, choncho iwo anakhala mutu, ine manja.

"Musayambe ndi sipanala," anatero. "Madzi sasowa okha. Kapena akudontha panja, kapena akuwira n'kuthawira pa chotsekera, kapena akulowa m'kati mwa injini. Chachitatucho tipemphere chisakhale chimenecho."

Tinayamba ndi chachitatu chomwecho kuti mtima ukhale pansi. Ndinasolola kachitsulo koyezera oilo, ndipo oilo anali wakuda bwinobwino, wopanda chizindikiro cha madzi. Ndinaliza injini ili yozizira, chotsekera chili chochotsa, n'kusuzumira pakamwa pa rediyeta. Madzi ankangoyenda, osatulutsa thovu. Amuna anga anapumira m'mwamba. Ndiye anati ndifinye mapaipi a labala limodzilimodzi, ndimve ngati lilipo lofewa kapena long'aluka. Onse anali olimba. Anati ndidinikize lamba wa fani ndi chala chachikulu. Anali wokhwepa pang'ono, ndipo ndinamukunga monga anandiuzira. Labala ya pansi pa chotsekera inali itang'aluka ngati chidendene cha m'chilimwe. Kutsogolo kwa rediyeta timipata tonse todutsa mphepo tinali titatsekeka ndi fumbi lotuwa lija la ku Kasanda, limene ndinkalidutsa popita kukaona amayi anga. Ndinalitsuka ndi madzi kuchokera kumbuyo, ndipo panatsika matope ngati a m'ngalande.

Madzulo tinayala katoni pansi pa injini. M'mawa tinapeza kadontho pakati penipeni, kutsogolo.

"Gwirani fani, injini ili yozimitsa, muigwedeze," anatero.

Inachita gwedegwede.

"Tsopano lowetsani chala pansi pa pampu ya madzi. Pali kabowo."

Chala chinatuluka chonyowa, ndipo pansi pa kabowoko panali mzere wa dzimbiri wosakanikira ndi zoyera ngati mchere. Amuna anga anagwedeza mutu. Pampu inali itatha. Injini ikamazungulira kwambiri, m'pamene madzi ankathawira pamenepo.

Kudziwa matenda ndi kupeza mankhwala n'zosiyana. Masiku amenewo sitolo ya zitsulo za galimoto inkakhala ndi mashelefu opanda kanthu ndi munthu mmodzi woti azikuuza kuti palibe. Tinafunsa m'tauni monse, tinatumiza mawu ku Lusaka ndi ku Ndola, pampu osapezeka. Ndiye amuna anga anandipatsa lamulo: kumbuyo kwa mpando kuzikhala chigubu chodzaza madzi, ndisathamange, diso lizikhala pa kamuvi, kakangodutsa pakati ndiime pamthunzi, ndidikire injini izizire, ndithire madzi pang'onopang'ono. Ndi lamulo limenelo vani inatidyetsa miyezi yonse ya matenda awo, osandisiya pamsewu ngakhale kamodzi.

Atamwalira, abale awo anabwera kuchokera kumudzi, wowatsogolera ali mkulu wawo wa amuna anga. Alamu angawa pa matenda onse sanaonekeko. Mankhwala ndinkafuna ndekha, kuchipatala ndinkagona pansi ndekha, wowatembenuza pabedi ndinali ine. Koma pamaliro analira kuposa aliyense, ndipo ndinaona ine ndili pamphasa pakati pa azimayi kuti maso awo, ngakhale anali ndi misozi, ankayenda m'nyumbamo ngati a munthu wogula.

Titangoika maliro anaitanitsa msonkhano. Anati katundu wa m'bale wawo apita kumudzi. Anatulutsa bedi, mipando, wailesi, masuti, kabati ndi mbale zake. Ananyamula ngakhale makina osokera amene bambo anga anandigulira ine ndisanakwatiwe. Nditanena zimenezo anandiyang'ana ngati ndatukwana.

"Zonse za m'nyumba ya mwamuna ndi za mwamuna. Ndiponso inu a ku Malawi musatiphunzitse mwambo kuno."

Ine wa ku Malawi! Mchombo wanga unakwiriridwa ku Kasanda. Bambo anga anasiya mapapo awo mumgodi wa dziko lino, ndipo manda awo ali konkuno. Ku Dedza ndinali ndisanapondeko. Koma bambo anali atapita, mchimwene wanga yekhayo anali kutali ndi ntchito ya njanji, ndipo wamasiye amayenera kuweramitsa mutu. Azimayi anzanga ankandikanda pamsana kuti ndikhale chete, anthu angati ndinapha mwamuna chifukwa cha katundu.

Pomaliza anatambasula dzanja kufuna makiyi a vani. Ndinawapatsa. Mpaka lero ndimadzifunsa chimene chinandichititsa kuwachenjeza, koma vaniyo ndinkaiona ngati wodwala wachiwiri wa m'nyumba mwanga, ndipo sindikanatha kuipereka osanena matenda ake.

"Alamu, galimotoyi pampu ya madzi inatha. Musaidzaze chonchi. Chigubu chili kumbuyo kwa mpando chisachoke. Kamuvi kakakwera muime, ndipo musatsegule rediyeta ili yotentha."

Anaseka, n'kutembenukira amuna anzawo. "Mwamva? Ine ndinayendetsa thirakitala pafamu ya mzungu mlamuyu akuyamwa. Lero azindiphunzitsa motoka?"

Chigubu chija anachitulutsa ndi dzanja lawo, madzi n'kukhuthulira pamaluwa anga, kuti pamalopo pakhale wailesi. Anasanjika katundu mpaka vani inakhala pansi ngati nkhuku yofungatira mazira. Ana anga anaima pachipata kuonerera bedi la bambo awo likukhota pakona. Usiku umenewo tinagona pa makatoni.

Mawa lake dzuwa likupendeka ndinamva thirakitala pamsewu wathu. Kumbuyo kwake, pa chingwe, kunali vani yanga, yopanda katundu, boneti ili yasa. Alamu anatsika mkono wamanja utakulungidwa nsalu kuyambira m'zala mpaka m'chigongono. Sanafike n'komwe ku Lusaka, kumene njira ya kumudzi imadzera. Katundu anali atamukweza pa lole ina, wapita kumudzi ndi abale ena. Iwo anabwerera kudzathana ndi ine.

Anayamba kukuwa ali pamsewu pomwe kuti anthu onse amve. Anati ndinaika mankhwala mu injini kuti iwaphulikire. Anati mfiti imene inadya mng'ono wawo tsopano ikufuna iwo. Anaonetsa anthu mkono wakupsawo. Kenaka anamasula paipi ya pansi pa rediyeta, ndipo munatuluka zinthu zoyera, zamphumphu, zonanda ngati phala la dzulo.

"Onani! Izi ndi za m'motoka izi?"

Anthu anabwerera m'mbuyo. Mayi wina amene ndinkamunyamulira matimati kwa zaka anagwira mwana wake n'kumukokera kunyumba. Zimenezo zinandipweteka kuposa mawu a alamu.

Nkhani inapita kwa akulu a mpingo. Anabwera atatu, n'kukhala pa njerwa chifukwa mipando inali itapita. Ine ndinali nditatola zoyera zija m'chitini. Nditapatsidwa mpata ndinapereka chitinicho kwa mkulu amene anali pafupi nane.

"Bambo, tanunkhizani."

Ananunkhiza, n'kukwinya mphuno. "Ili ndi dzira."

"Ndi ufa womwe," ndinatero. "Alamu atiuze. Galimoto itawira, ndani anawauza kuti dzira ndi ufa zimatseka podontha? Ine dzira ndilipeza kuti, nkhuku zanga zonse zinaphedwa pamaliro?"

Alamu anayamba ndi kukana. Atapanikizidwa anati anthu a m'mbali mwa msewu ndiwo anathira pofuna kuthandiza, ndipo zimenezo sizikusintha kanthu, chifukwa motoka inali italodzedwa kale. Pang'onopang'ono nkhani yonse inatuluka. Kamuvi sanakayang'ane n'komwe. Anayenda mpaka nthunzi inaphimba galasi. Anatsika n'kutsegula chotsekera pomwepo, madzi owira n'kuwalavulira pamkono. Ndiye anatunga madzi ozizira a m'chithaphwi n'kukhuthulira mu injini yotentha ngati ng'anjo, anathiramo mazira ndi ufa, n'kuyendanso mpaka injini inazima yokha.

Ndinayembekeza kuti tsopano wina anena mawu amodzi okha, akuti mayiyu mwamunamizira. Mkulu wotsogolera anatsokomola, anatsegula Baibulo, n'kunena kuti pamaliro mitima imakhala yowawa, tonse ndife ochimwa, ndipo mbali zonse ziwiri zikhululukirane. Mbali zonse ziwiri! Ine ndinalakwa chiyani choti andikhululukire? Kuchenjeza? Anandiuza kuti ndigwirane chanza ndi alamu. Ndinawapatsa dzanja, iwo anandipatsa lamanzere, ndipo za bedi ndi makina osokera palibe anatchulako.

Pochoka, alamu anamasula batire ndi tayala lapadera. Anamenya boneti ndi chikhatho n'kunena pamaso pa akulu aja kuti, "Chitsulo chanu icho. Muzigonamo." Anakwera basi m'mawa mwake.

Vani inakhala pabwalo nyengo yonse yotentha. Ndinkagulitsa zitumbuwa ndi mtedza pachipata cha sukulu, ndipo ana a anthu ena ankaletsedwa kugula kwa ine. Ndikadutsa pafupi ndi vaniyo ndinkayang'ana kumbali. Koma tsiku lina mwana wanga wamkulu anabwera kusukulu akulira kuti anzake akuti amayi ake analodza galimoto. Madzulo omwewo ndinatsegula boneti.

Ndinachita monga anandiphunzitsira malemu. Ndinasolola kachitsulo ka oilo, ndipo oilo anatuluka wotuwa ngati tiyi wamkaka. Chachitatu chija, chimene tinkapemphera kuti chisachitike, chinali chitachitika. Madzi anali atalowa m'kati.

Ku Katondo kunali makaniko wina wachikulire, Mbemba, mnzawo wa amuna anga, amene ankakonzera magalimoto pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yake. Pamaliro anabwera, anakumba nawo manda, n'kuchoka mwakachetechete. Ndinapita kwa iye wapansi. Anamvetsera nkhani yonse akupukuta manja, osandidula. Nditafika pa mazira anatseka maso.

"Mayo," anatero, kunditchula mayi m'chinenero chakwawo, "amuna anu anaisunga motoka ija ngati mwana. Tiyeni tikaione."

Anabwera ndi batire yake panjinga. Anamasula mapulagi onse n'kundiuza kuti ndipukuse injini ndi kiyi. Pa bowo limodzi panatumphuka madzi adzimbiri mpaka anamunyowetsa malaya.

"Gasiketi yapsa," anatero. Anandifotokozera kuti gasiketi ndi chinthu chopyapyala chimene chimagona pakati pa hedi, ndiye kuti chigawo cha pamwamba cha injini, ndi thunthu lake, kuti moto, madzi ndi oilo chilichonse chiziyenda njira yake. "Ikapsa zonse zimasakanikirana. Koma mantha anga ali pa hedi. Chitsulo chotentha ukachithira madzi ozizira chimapindika, mwina kung'aluka kumene. Ikakhala yong'aluka, mayo, ndikuuzani zoona, muiiwale."

Tinamasula hedi tonse awiri. Iye ankamasula mabawuti, ine ndinkawaika m'mabowo a katoni mwa ndondomeko yake kuti lililonse lidzabwerere pamalo pake. Gasiketi inali itadyeka pakati pa mabowo awiri, yakuda ngati khala. Makaniko anapala hedi mpaka kuyera, anaiyang'anitsitsa padzuwa mbali zonse, n'kuithira palafini kuti ngati pali mng'alu uonekere. Panalibe. Kenaka anagoneka rula yachitsulo pamwamba pake n'kundiuza kuti ndiwerame ndisuzumire. Pakati, pansi pa rulayo, kuwala kunkadutsa.

"Yapindika, koma sinafe. Iyi aipala."

Anainyamula panjinga kupita nayo kwa munthu wina amene kale ankagwira ntchito ya makina kumgodi. Inabwerako yosalala, yonyezimira ngati galasi.

Rediyeta ndiyo inandiliza ndi mkwiyo. Tinapita nayo kwa wowotcherera wa pafupi ndi msika wa Katondo. Atasungunula mtovu n'kuchotsa thanki ya pamwamba, fungo limene linatuluka linathamangitsa ngakhale ogulitsa nsomba zouma. Timapaipi tambiri tinali titatsekeka. Zina zinali zoyera zija zimene madzi a kuno amasiya m'ketulo, koma pamwamba pake panali phala la alamu, louma gwa. Munthuyo anatenga kachitsulo kopyapyala n'kumatokosa kapaipi kalikonse, ine ndikuthira madzi, mpaka onse anayamba kutuluka mbali inayo. Anawotchereranso thanki, anatseka pakamwa ponse, anaimiza m'bafa la madzi n'kupoperamo mpweya ndi pampu ya njinga. Pakona imodzi panatuluka timathovu. Anadonthezapo mtovu, anaimizanso, ndipo madzi anangoti zii.

Panali kachinthu kena kotchedwa thamositati, kachitseko kamene kamatsekereza madzi injini ikakhala yozizira n'kutseguka ikatentha. Makaniko anafuna kukataya. Anati kuno n'kotentha, aliyense amakachotsa. Ine ndinakumbukira kuti amuna anga ankakana zimenezo, ankati amene anakaika sanali wopusa. Tinatsutsana mpaka ndinabweretsa mbaula ndi poto. Tinakamangirira ku ulusi n'kukaviika m'madzi. Madzi atayandikira kuwira, kanayasama pang'onopang'ono ngati kamwa la mwana wa mbalame. Titakatulutsa kanatsekanso. Makaniko anaseka kwa nthawi yoyamba. "Chabwino, mayo. Kabwerere. Sinditsutsana ndi anthu awiri, wina ali kumanda."

Zotsala zinali gasiketi, pampu ndi chotsekera. Gasiketi anaipeza mchimwene wanga kudzera mwa mnzake wa pa sitima amene ankafika kumalire. Pampu tinaichotsa m'galimoto ya mtundu womwewo imene inagunda mtengo kale, ili kuseri kwa nyumba ina ku Bwacha konkuno, nkhuku zikuikiramo. Mwini wake anali mayi wamasiye ngati ine. Nditamufotokozera anangoti, "Tengani, ndi chotsekera chomwe. Kwa ine abale a malemu anasiya ichi chifukwa sichikanayenda." Pampuyo ndinaigwedeza, inali nganganga, ndipo kabowo ka pansi kanali kouma, kopanda mzere wa dzimbiri.

Mvula yoyamba itagwa tinabwezeretsa zonse. Makaniko anamanga mabawuti a hedi kuyambira pakati kupita kunja, mobwereza, pang'onopang'ono. Tinataya oilo woipa uja n'kuthira wina. Ndinadzaza rediyeta ndi madzi a mvula amene ndinatchera m'mgolo, chifukwa sasiya zoyera. Injini inalira titayesa kangapo. Poyamba inatulutsa utsi woyera kumbuyo, koma makaniko anati ndi madzi otsalira m'paipi ya utsi, adzatha. Anathadi. Ndinasuzumira pakamwa pa rediyeta, thovu panalibe. Ndinagwira paipi ya pamwamba, inali yozizira, kenaka mwadzidzidzi inafunda m'dzanja langa, kusonyeza kuti kachitseko kaja katseguka. Tinayenda mpaka kunja kwa tauni titanyamula matumba a mchenga, ndipo kamuvi kanafika pakati n'kukhazikika pomwepo. Katoni imene ndinayala madzulo inadzuka youma.

Azimayi a mumsika anabwerera mmodzimmodzi, ngakhale uja anakoka mwana wake. Sanapepese. Anangofika m'mawa wina ndi madengu ake n'kufunsa ngati malo alipo. Malo analipo.

Mbiri imayenda msanga kuposa basi. Chimanga chisanakhwime, ndinabwera kuchokera kumafamu n'kupeza alamu atakhala pakhonde panga, ndi amuna awiri amene sindinkawadziwa. Mkono unali utapola, utasiya chipsera chotuwa. Anandilonjera mwaulemu ngati tinasiyana bwino.

"Mlamu, tamva kuti mwaisamala motoka ya m'bale wathu. Mwachita bwino. Tabwera kudzaitenga."

Ndinawafunsa kuti, "Si inu munati chitsulo changa, ndizigonamo?"

"Munthu akapsa mtima amalankhula zambiri. Magazi ndi magazi. Motoka ndi ya banja."

Ndinadziwa kuti ndikapita kwa akulu a mpingo andiuza za kukhululuka, ndipo ndikapita kukhoti la mwambo akafunsa kuti mwini wake anali ndani. Ndinawauza kuti adikire, injini izizire. Anaganiza kuti ndagonja, mpaka anapempha madzi akumwa. Ndinawapatsa. Ndinavula nsalu yabwino, ndinavala ovolosi ya malemu, n'kutulutsa masipanala.

Ndinayamba ndi kukhetsa madzi m'beseni. Ndinamasula mapaipi, ndinanyamula rediyeta n'kukaiika m'nyumba. Ndinachotsa fani ndi lamba wake. Pamene ndinkamasula pampu, alamu anaimirira.

"Mukuchita chiyani?"

"Ndikuchotsa zanga. Pampu iyi anandipatsa mnzanga. Chotsekera ndi chake chomwecho. Batire ndi ya makaniko wa ku Katondo, yanu munatenga kale. Rediyeta munaisiya yodzaza phala, ndiye ndikupangirani phala lina ndithiremo musananyamuke. Ndikatha apa ndimasula hedi, chifukwa gasiketi ili pansi pake ndi ya mchimwene wanga. Yakupsa ija ndinasunga, ndikupatsani. Mutenge galimoto ya m'bale wanu monga munaisiyira."

Anthu anali atayamba kusonkhana pa mpanda. Ulendo uno sanabwerere m'mbuyo. Bambo wina woyandikana nafe, amene tsiku la mazira lija anangoonerera, anafuula kuti, "Thirakitala ija ilipo, tikaitane?" Anthu anaseka. Mmodzi wa amuna aja anabwera ndi alamu anasuzumira mu injini, anaona malo a pampu ali pululu, n'kufunsa mnzake motsitsa mawu kuti pampu yotere angaipeze kuti. Mnzakeyo anapukusa mutu. Onse ankadziwa mmene masitolo analili.

Alamu anatukwana. Anatchulanso za ufiti, anatchulanso za ku Malawi, anati ana anga asadzaponde kumudzi. Ine ndinangopitiriza kumasula. Nditaika sipanala pa bawuti loyamba la hedi, anatola chipewa chawo. Anati adzabweranso ndi apolisi. Sanabwere. Dzuwa lisanalowe ndinali nditabwezera pampu ndi rediyeta, ndipo m'mawa mwake ndinapita kukatenga kabichi.

Vaniyo ndinayenda nayo mpaka ana onse anamaliza sukulu. Bedi ndinagula lina. Makina osokera a bambo anga sindinawaonenso, ndipo ndinamva kuti anathera kwa mkazi wachiwiri wa alamu, amene sankadziwa n'kulowetsa ulusi komwe.

Mwana wanga wamkazi atapeza banja, mwambo unafuna kuti akuchimuna kwa bambo ake adziwitsidwe. Ndinakana, koma mwanayo anandichonderera kuti asakwatiwe ngati wopanda kwawo. Alamu anabwera, atakalamba, atavala suti imene ndinaizindikira msanga. Anawakhazika kutsogolo. Nthawi ya malankhulidwe itakwana anaimirira, anagwira maikolofoni ndi dzanja lachipsera lija, n'kuuza anthu odzaza holo kuti mng'ono wawo atamwalira, banja silinawataye ana amasiye, linawalera movutikira mpaka lero. Anthu amene sankadziwa anaomba m'manja. Ine ndinayamba kudzuka pampando. Makaniko wa ku Katondo, amene anakhala kumbuyo kwanga ndi ndodo yake, anandigwira paphewa.

"Mayo, ndi tsiku la mwana."

Ndinakhala pansi chifukwa cha mwanayo. Koma m'manja sindinaombe, ndipo mpaka alamu anamwalira sanamvepo kuchokera pakamwa panga kuti zinatha.